Mapiri, Matope ndi Anthu Okankha

Anzanga amene mukumvera kapena kuwerenga muli ku Joni, ku Cape Town, ku Leeds kapena komwe kuno ku Nairobi, tiyambe ndi mawu amodzi amene amatisokoneza. Azungu akatchula nyengo yawo yozizira ija, ena mwa ife timathamangira kumasulira kuti dzinja. Koma dzinja lathu ndi mvula, chimanga chili m'munda. Kuzizira ndi kwa mu June ndi July, nthawi ya chisanu ndi chiperoni. Komabe pa nkhani ya galimoto ndi phiri, womasulira molakwika uja sanaphonye kwenikweni. Chimene chipale chofewa chimachita pamsewu wa ku Ulaya, kuno chimachitidwa ndi matope.

Ndikulankhula ndili ku Kilimani, dera limene dzina lake m'Chiswahili limatanthauza paphiri. Mukadutsa pa Yaya Centre Lachisanu madzulo mupeza zimagalimoto za 4x4 zitandandalika, matayala ngati a thirakitala, jeki yaitali yomangirira kumbuyo, chipaipi chokokera mpweya chokwera mpaka kudenga. Zina sizinaondeko dothi chigulireni, tisanamizane. Koma zina zimapitadi. Mwezi wa July, Nairobi atafunda mitambo ndi kamvula kowaza, eni ake amalunjika ku mapiri a Aberdare kukalimbana ndi zitunda zoterera m'nkhungu. Lolemba mavidiyo ali pa Instagram: munthu mmodzi, chiwongolero m'manja, phiri lagonja. Amautcha off-road masewera amenewa. Ine ndikufuna tione kumene anachokera, chifukwa mbiri yake ili ndi anthu ambiri kuposa amene amalowa mu kamera.

Bwererani ku 1953. Azungu awiri apachibale okhala ku Kenya, Eric Cecil ndi Neil Vincent, anali atatopa ndi mipikisano yozungulira pabwalo limodzi. Ankafuna mpikisano wautali wodutsa Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Chifukwa chopemphera chilolezo chinapezeka chokha: Mfumukazi Elizabeth ankavekedwa ufumu pa 2 June chaka chimenecho, ndipo mayiyu uthenga wa imfa ya bambo ake unam'peza ali ku Kenya komweku mu February 1952, atangogona ku Treetops m'mphepete mwa Aberdare. Mpikisano unatchedwa East African Coronation Safari, ndipo unayamba kumapeto kwa May.

Taonani chimene chinkachitika m'dzikomo nthawi yomweyo. Boma la atsamunda linali litalengeza lamulo ladzidzidzi mu October 1952 pofuna kuthana ndi a Mau Mau. Mu April 1953, Jomo Kenyatta ndi anzake asanu anagamulidwa ku Kapenguria kukakhala m'ndende zaka 7. Loya amene anawaimira, Dennis Pritt, ali ndi msewu wa dzina lake muno mu Kilimani, ndipo a 4x4 aja amaudutsa tsiku ndi tsiku. Nkhalango za Aberdare zimene lero anthu amakasewerako zinali malo obisalamo Dedan Kimathi ndi ankhondo ake. Ena ankathamangitsa galimoto kukondwerera mfumukazi, ena ali m'phiri m'chisanu, opanda bulangete, akusakidwa ndi ndege. Dziko lake limodzi lomwelo, mwezi wake womwewo.

Chimene chimandisangalatsa pa mpikisanowu, umene pambuyo pake unadziwika kuti Safari Rally, ndi malamulo ake oyambirira. Galimoto zinali zomwe munthu akanagula m'sitolo, zoikidwa m'magulu potengera mtengo wake. Volkswagen ya kachikumbu ija ndi imene inachita bwino zaka zoyambazo. Ndipo misewu sinkatsekedwa. Wopikisana ankakumana ndi basi, lole ya makala, ng'ombe, mayi wosenza nkhuni. Ndiye kunena kuti ankayenda kunja kwa msewu n'kulakwa. Umenewo ndiwo unali msewu, womwe mlimi ankadalira popita kumsika ndi wodwala popita kuchipatala. Mawu akuti off-road amamveka bwino kumene kuli tala woti munthu n'kumusiya mwadala.

Kenaka okonza anausunthira ku Pasaka, pakati pa mvula yaikulu ya kuno, ndipo mtunda unkafika makilomita pafupifupi 5,000. Apa ndi pamene mapiri analowa m'nkhani: zitunda za m'mbali mwa Rift Valley, Mau, Taita, Usambara ndi Mbulu ku Tanzania. Inu amene munakulira ku Thyolo, ku Ntchisi kapena ku Neno mukudziwa kale zimene mvula imachita. Katondo wa kumapiri akanyowa pamwamba pokha amaterera ngati sopo, pansi pali pouma. Makande a m'zigwa ndiye amamata, kudzaza mizere ya tayala mpaka tayala kusalala ngati dzira. Pokwera, mdani ndi kuima. Ukangochotsa phazi pamoto pakati pa chitunda, basi, matayala azungulira pamodzimodzi kwinaku galimoto ikubwerera chammbali. Potsika ndiye poopsa kwambiri, ngakhale anthu sapajambula. Ukaponda buleki mwamantha matayala amauma, chiwongolero chimasiya kumvera, ndipo galimoto imatsetsereka kulowera kumene phiri lafuna. Madalaivala akale ankadziwa kuti potsika umalowetsa giya yaing'ono n'kusiya injini igwire galimoto, phazi likungogunda buleki pang'onopang'ono.

Chaka cha 1963 mvula inachita kunyanya. Galimoto 84 zinanyamuka ku Nairobi, zobwerako zinali 7 zokha. Erik Carlsson wa ku Sweden, katswiri woyendetsa pa chipale chofewa, ankatsogola pa Saab yake mpaka anagunda nyama usiku. Anapambana ndi Nick Nowicki ndi Paddy Cliff pa Peugeot 404, galimoto yomwe agogo athu ena anakwerapo ku Limbe ndi ku Lilongwe. Mu 1968 zinabwerezanso, omaliza 7, wopambana Nowicki yemweyo.

Mmodzi mwa omaliza zaka ziwiri zonsezo anali Joginder Singh, Msikh wobadwira ku Kericho, amene anaphunzira za galimoto m'galaja ya bambo ake, n'kugwirako ntchito yothandiza oyendetsa amene afera panjira. Mu 1965 iye ndi mng'ono wake Jaswant anatenga Volvo PV544 yakale, imene inali itathamanga kale Safari ya chaka chapitacho, anaikonza okha, n'kupambana nayo. Ku Kenya komwe kunali kutangolandira ufulu mu 1963, imeneyi inali nkhani yaikulu. Anadzapambananso mu 1974 ndi 1976 pa Mitsubishi. Akatswiri ochokera ku Ulaya, ndi ndalama zonse za makampani awo, analephera kwa zaka 19 mpaka Hannu Mikkola wa ku Finland anapambana mu 1972. Kudziwa dothi kunkaposa kukula kwa injini.

Ndipo nayi mfundo imene anyamata a pa Yaya sakonda kuimva. Galimoto yokoka ndi matayala onse anayi inapambana Safari koyamba mu 1987, Audi ya Mikkola yemweyo. Zaka zoposa 30 izi zisanachitike, mapiri onse aja ankakwereka ndi galimoto zokoka ndi matayala awiri. Zinkatheka bwanji? Matcheni, inde. Mnzake wa dalaivala ankatsika n'kukaima pabampala yakumbuyo, atagwira zogwirira zimene ankachita kuwotcherera pamenepo, n'kumadumphadumpha kuti matayala alume dothi. Koma zikavuta zenizeni, yankho linali anthu. Anthu a m'midzi ankadziwa chitunda chimene chimagwira galimoto chaka ndi chaka, ndipo ankadikirira pomwepo, usiku, mvula ili pamsana. Opikisana ankanyamuliratu ndalama zasiliva zolipira okankha. Mtengo unkakambidwa galimoto ili m'matope mpaka m'zitseko, ndiye mukudziwa kale amene anali ndi mphamvu pa zokambiranazo. M'mabuku a zotsatira mupeza dzina la dalaivala, la mnzake, mtundu wa galimoto ndi mphindi zimene anataya. Mapewa amene anaitulutsa mulibemo. Ndipo kuyambira 1953 mpaka 2002, pamene Safari inachotsedwa pa mipikisano ya dziko lonse isanabwererenso mu 2021, palibe Mkenya wakuda amene anapambana. Patrick Njiru anafika pa nambala 4 mu 1994, ndipo akuluakulu kuno amamutchulabe ndi ulemu.

Kusiya msewu mwadala kunabwera mochedwa. Rhino Charge inayamba mu 1989: galimoto zimapatsidwa malo 13 oti zifikeko m'maola 10, ndipo wopambana ndi amene wayenda mtunda waufupi kwambiri, kutanthauza kulunjika paphompho pomwe wanzeru akanazungulira. Ndalama zake zinamanga mpanda wamagetsi wa makilomita pafupifupi 400 kuzungulira Aberdare, umene unatha mu 2009. Ngakhale kumeneko, theka la timu limakhala pansi, kuthamanga patsogolo kufufuza njira ndi kukoka chingwe.

Tsopano tiyeni kumudzi, chifukwa ifenso tili nalo phiri lathu. Amene munayendapo pa M1 kumpoto mukudziwa pa Chitimba, pamene kamsewu kamapatuka kukwera ku Livingstonia. Anthu amautcha Golodi. Ndi makilomita pafupifupi 15, makona okhota ngati chigongono pafupifupi 20, ndipo pofika pamwamba mwakwera mamita oposa 700 kuchokera panyanja.

Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875. Sitima yawo, Ilala yoyamba, inabwera ndi mtsinje wa Shire, ndipo pofika pa mathithi anaimasula zidutswazidutswa, anthu mazanamazana n'kuisenza pamutu mpaka kumtunda kwa mathithiwo. Malungo anawathamangitsa ku Cape Maclear kupita ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Robert Laws anasankha phiri la Khondowe, kumene kuli kozizira ndi udzudzu wochepa. Koma katundu yense ankafikira panyanja. Mapaipi a madzi, makina osindikizira mabuku, zipangizo za magetsi amene anayaka kumeneko mu 1905, zonsezi zinayenera kukwera phiri lija. Poyamba zinkakwera pamitu ya amtengatenga, azungu ena ali m'machila. Msewu unakumbidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndi makasu, mapiki ndi manja a Atumbuka, Atonga, Angoni ndi ena obwera kudzagwira ganyu, ambiri pofuna ndalama ya msonkho. Makona aja sanawapange kuti akometse zithunzi. Ngolo yolemera singalunjike chitunda chotere, ndiye njira imapita uku n'kubwerera uku kuti kukwera kukhale kwapang'onopang'ono. Mabuku amati msewu wa Laws. Ine ndimati Laws anaufuna, ena anaukumba.

A ku Joni muli ndi chitsanzo chapafupi, komanso chokhala ndi chipale chofewa chenicheni. Sani Pass, yokwera kuchokera ku KwaZulu-Natal kulowa mu Lesotho pa mamita oposa 2,800, inali njira ya abulu ndi mahatchi onyamula ubweya wa nkhosa kutsika nawo, n'kukwera ndi ufa. Galimoto yoyamba, Jeep ya Godfrey Edmonds, inakwera mu October 1948, ndipo inafika pamwamba chifukwa gulu la Abasotho linali nayo limodzi ndi zingwe ndi majeki, kuikoka ndi kuitembenuza pamakona. Lero mu July madzi oundana amagwira makona a pamwamba amene dzuwa silifikapo, ndipo mataxi a Abasotho amadutsabe pomwepo ndi anthu ndi katundu, pambali pa alendo amene alipira kuti akaone ngati angakwanitse.

Golodi nayenso ali ndi anthu a mitundu iwiri imeneyi. Alendo a Land Cruiser amakwera kukaona mathithi a Manchewe ndi Stone House, n'kukalemba pa intaneti kuti apulumuka pa umodzi mwa misewu yoopsa mu Africa. Ena ndi ophunzira a pa University of Livingstonia, imene inatsegulidwa mu 2003, odwala opita ku chipatala cha David Gordon Memorial, amayi okwera ndi usipa kuchokera kunyanja n'kutsika ndi nthochi. Iwowa amadikira matola pa Chitimba mpaka pikapu idzaze, kapena kukwera njinga yamoto ya kabaza, kapena kungoyamba wapansi podutsa njira zachidule zodula makona.

Ndiye inu amene mukusonkha ndalama yoitanitsa galimoto ku Japan, yodzera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe, n'cholinga chokaionetsa kumudzi pa Khirisimasi: December ndi dzinja, ndipo Golodi amakhala wonyowa. Lowetsani 4x4 muli pansi pa Chitimba, osati matayala atayamba kale kuzungulira pa kona yachisanu. Wotsika amapatsa njira wokwera, chifukwa wokwera akaima sanyamukanso. Pa makona ena galimoto yaitali siikhota kamodzi, imafunika kubwerera m'mbuyo kuphompho kuli kumsana, ndipo pamenepo wina amatsika kukakuimirirani kumbuyo ndi mwala m'manja woti aike kutayala. Mukapita mu June fumbi ndi miyala yosakhazikika ndi zimene zimatereretsa, ndipo m'mawa nkhungu imatha kutseka makona a pamwamba mpaka dzuwa litakwera. Madalaivala a matola a pa Chitimba amakwera ndi kutsika phiri limeneli tsiku lililonse pa mapikapu okalamba, atanyamula anthu, matumba a simenti ndi makireti a zakumwa. Musananyamuke, pitani pamene aimika mukawafunse kuti lero kumtunda kuli bwanji.