Injini Yamphamvu ndi Injini Yokhalitsa: Mbiri ya Umakanika ku Chibolya ndi Makomboni a Lusaka

Komboni ya Chibolya ili chakumadzulo kwa pakati pa mzinda wa Lusaka, moyandikana ndi msika wa Soweto, ndipo imachita malire ndi Kanyama komanso John Laing. Dzina lake limachokera ku Chibemba, ndipo limatanthauza chimene m'Chichewa chimatchedwa bwinja, ndiko kuti malo amene panali mudzi koma eni ake anasamukapo, ngakhale kuti lero anthu ndi othithikana kumeneko moti dzinalo limamveka ngati nthabwala. Ambiri akamva za Chibolya amaganiza za chamba ndi apolisi, ena amakumbukira msika wa mbuzi ndi nkhumba, koma kuyandikana kwake ndi masiteshoni a minibasi a City Market, Lumumba ndi Kulima Tower, pamodzi ndi masitolo ogulitsa masipeya a m'tauni, kwachititsa kuti m'mbali mwa misewu ya dera lonseli mukule ntchito ya umakanika, imene imagwiridwa pabwalo, pansi pa mtengo kapena kuseri kwa mpanda wa malata. Mkangano wakale wa amakanika amenewa, wofuna kudziwa kuti injini yabwino ndi iti, ulinso kwina padziko lapansi, koma kuno unayankhidwa mwa njira yosiyana, ndipo chimene chinausiyanitsa ndi mbiri ya chuma cha Zambia.

Kumene mkanganowu unatchuka kwambiri ndi ku America, pakati pa okonda magalimoto otchedwa muscle car, omwe ndi magalimoto a thupi la saizi yapakati koma oikidwa injini yaikulu yoyenera galimoto yolemera kuposa pamenepo. Ambiri amawerengera chiyambi chawo pa Pontiac GTO ya 1964, imene inali ndi injini ya malita 6.4 ya mtundu wa V8, kutanthauza injini ya masilinda asanu ndi atatu ondandalikidwa m'mizere iwiri yopendekeka ngati chilembo cha V. Pafupifupi injini zonse za magalimoto amenewa, kuphatikizapo small-block ya Chevrolet imene inatuluka mu 1955 ndi 426 Hemi ya Chrysler ya malita 7.0 imene inayamba mu 1964, zinali ndi kamushafuti imodzi yokhala mkati mwa buloko. Kamushafuti ndi chitsulo chozungulira chokhala ndi timfundo timene timatsegula mavavu, omwe ndi titseko tolowetsa mpweya ndi mafuta m'silinda ndi kutulutsa utsi, ndipo ikakhala pansi m'buloko imakankha mavavuwo kudzera m'timitengo tachitsulo totchedwa mapushirodi. Kapangidwe kena ndi koika kamushafuti pamwamba, mu hedi ya injini, n'kumaiyendetsa ndi tcheni chachitali kapena lamba, ndipo injini yotere imatha kuzungulira mothamanga kwambiri popeza zitsulo zokankhana ndi zochepa, koma kuimanga ndi kuitchera bwino kumafuna ndalama ndi luso lochuluka. Kampani ya Ford inayesa njira yachiwiriyi mu 1964 ndi injini ya 427 SOHC, koma bungwe loyendetsa mipikisano la NASCAR linaikana, ndipo injini ya mapushirodi inapitiriza kulamulira chifukwa inali yotsika mtengo, yosavuta kutsegula, ndiponso yolola kuti mwini wake aikulitse masilinda, asinthe kamushafuti kapena aike kabureta wamkulu kuti awonjezere mphamvu.

Magalimoto amenewa sanafike ku Zambia mwaunyinji, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Dziko limene linali Northern Rhodesia linkagula magalimoto makamaka kudzera ku Britain ndi kummwera, ndiponso limayendetsa kumanzere kwa msewu, pamene magalimoto a ku America ali ndi chiwongolero kumanzere. Kuwonjezera apo, zaka zimene muscle car inali pachimake ndi zomwezo zimene Zambia inkasowa mafuta, pakuti Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia mosavomerezeka mu November 1965, petulo anayamba kugawidwa moyeza, ndipo ankabwera m'migolo pa msewu woopsa wochokera ku Dar es Salaam umene unapatsidwa dzina loti Hell Run, mpaka paipi ya TAZAMA inatsegulidwa mu 1968. Ku South Africa kunali magalimoto ofanana ndi a ku America, monga Capri Perana imene Basil Green wa ku Johannesburg anayamba kugulitsa mu 1970 ataiika injini ya V8 ya Ford ya malita 5, ndi Chevrolet Firenza Can-Am ya 1973 imene inapangidwa 100 yokha, koma malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa mu January 1973 ndipo njanji ya kummwera inatsegulidwanso mu 1978. Pofika nthawi imeneyo muscle car inali itafooka kale kwawo komwe, chifukwa cha malamulo ochepetsa utsi, kukwera kwa inshuwalansi ndi vuto la mafuta la 1973.

Amene anadzaza misewu ya Lusaka anali magalimoto ena, monga Land Rover, Peugeot 404 ndi 504, Datsun 1200, ndi mitundu ya Fiat imene inkalumikizidwa ku fakitale ya Livingstone Motor Assemblers kuyambira mu 1972. Chochititsa chidwi n'chakuti injini zambiri mwa izi, ngakhale zinali zazing'ono za masilinda anayi, zinali za mapushirodi ngati V8 za ku Detroit ku America, ndipo chimene Mmereka ankachikonda pofuna kuwonjezera liwiro ndi chomwecho chimene makanika wa ku komboni anachikonda pofuna kutalikitsa moyo wa galimoto. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, masitolo a masipeya anauma, ndipo galimoto imene ikanatayidwa kwina inasanduka chuma chosungidwa ngati ng'ombe. Apa ndi pamene umakanika wa ku komboni unakhwima. Anthu amene anaphunzira ntchito m'magalaja a boma, a migodi kapena a makampani aakulu anayamba kugwira ntchito pakhomo madzulo ndi Loweruka, ena mpaka kusiyiratu ntchito yolembedwa, ndipo lamulo la nyumba la 1974, limene linazindikira makomboni ambiri monga malo oyenera kutukulidwa m'malo mogwetsedwa, linawapatsa mtima woti bwalo la pakhomo lingakhale galaja yokhazikika. Iwo ankaphwasula magalimoto awiri akufa kuti adzutse imodzi, ankadula magasiketi ndi manja, ndipo buloko yokutha ankapita nayo kwa a makina ku dera la mafakitale kuti akaiboole pang'ono n'kuikamo mapisitoni okulirapo. Injini ya Peugeot inkatamandidwa pa chifukwa chimodzi chachikulu, chakuti masilinda ake ndi mapaipi ochotseka otchedwa malaina, kotero kuti akatha amazulidwa n'kuikamo ena popanda kuboola buloko. Muyezo wa injini yabwino sunali mahosipawa, omwe ndi muyezo wa mphamvu, koma kuchuluka kwa maulendo amene ingachitidwe ovaholo, ndiko kuti kuphwasulidwa yonse ndi kumangidwanso, n'kubwerera pamsewu.

Boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991 ndi kumasula malonda, ndipo kampani ya mabasi ya boma ya UBZ itathetsedwa mu 1995, ntchito yonyamula anthu mu Lusaka inagwera m'manja mwa eni minibasi, makamaka Toyota Hiace ndi Rosa zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan. Kuyambira pamenepo kuyerekeza injini kunakhala nkhani ya ndalama za tsiku ndi tsiku, pakuti minibasi imene yagona pagalaja siibweretsa kanthu kwa mwini wake, dalaivala ndi kondakitala, amene onse amadya za tsiku lomwelo. Injini za petulo za Toyota za 3Y ndi 4Y, za malita 2.0 ndi 2.2, zinali za mapushirodi ndi tcheni chachifupi, ndipo zinkapirira nkhanza zambiri, koma zinkamwa mafuta. Injini za dizilo za 2L, 3L ndi 5L, za malita 2.4, 2.8 ndi 3.0, zinali ndi kamushafuti pamwamba yoyendetsedwa ndi lamba, zinkadya mafuta pang'ono ndi kukoka bwino katundu, koma zinali ndi zofooka ziwiri zimene makanika aliyense anaziphunzira msanga, zomwe ndi lamba amene akaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni, ndi hedi imene imang'aluka injini ikatenthetsa. Injini ya 1KZ, ya malita 3.0 ndi tabo, chomwe ndi chipangizo chozungulitsidwa ndi utsi kuti chikankhire mpweya wambiri m'silinda, inali yamphamvu kuposa zonsezi, koma hedi yake ya aluminiyamu inali yosachedwa kung'aluka ikasowa madzi, motero eni minibasi ambiri anasankha injini yofooka imene ingakonzedwe pabwalo kusiyana ndi yamphamvu yofuna chisamaliro chimene msewu wa Los Angeles wa mu Lusaka sungapereke.

Malo enieniwo amalowereraponso pa mkanganowu. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere mpweya ndi wopepuka, moti injini yopanda tabo imataya mphamvu zopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi. M'chilimwe fumbi la misewu ya m'komboni limatseka fyuluta ya mpweya, ndipo likalowa mkati limapala masilinda ngati mchenga, pamene m'dzinja madzi amadikha ku Kanyama ndi Chibolya chifukwa thanthwe lili pafupi ndi nthaka, ndipo injini ya dizilo ikameza madzi zitsulo zolumikiza mapisitoni zimapindika, popeza madzi sapanikizika monga mpweya. N'chifukwa chake kusintha injini kumene kumachitika kuno kumalowera mbali yosiyana ndi ya ku America, pakuti cholinga ndi kuchotsa chilichonse chimene chingafe panjira. Pali amakanika amene amachotsa majekiseni a petulo oyendetsedwa ndi kompyuta n'kubwezerapo kabureta, ena amachotsa injini ya tabo n'kuika yopanda tabo, ena amaika radiyeta yaikulu kapena kulumikiza fani kuti izizungulira nthawi zonse. Zina mwa izi n'zanzeru, koma chizolowezi chofala chochotsa femositati, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha, n'cholakwika ndithu, chifukwa chimabisa vuto la radiyeta yotsekeka m'malo molichiza, ndipo injini yoyenda yozizira m'mawa wa June imamwa mafuta ambiri ndi kutha msanga.

Kusintha kumene kunagwedeza ntchitoyi kwambiri kunachokera ku lamulo la ku Japan lotchedwa shaken, lokakamiza kuti galimoto iyezedwe ikakwana zaka zitatu ndipo kenako zaka ziwiri zilizonse pa mtengo wokwera, zimene zimachititsa anthu a kumeneko kugulitsa magalimoto akadali abwino. Magalimoto amenewa, pamodzi ndi injini zawo zozulidwa ndi kupakiridwa m'makontena, anayamba kulowa mu Zambia kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde kapena ku Durban ndi Chirundu, ndipo posakhalitsa kugula injini yathunthu yakale kunayamba kupikisana mtengo ndi kuchita ovaholo. Luso la m'badwo wa m'ma 1970, lopima zitsulo ndi kunola mavavu, linayamba kuchepa mtengo, ndipo limene linakwera ndi luso la mawaya ndi makina owerenga kompyuta ya galimoto. Injini zina zatsopano, monga GDI ya Mitsubishi imene inatuluka mu 1996 ndi D-4 ya Toyota, zimene zimapopera petulo mwachindunji m'silinda, zinapeza mbiri yoipa kwa amakanika a kuno chifukwa mapampu ake ndi osakhalira kufa akakumana ndi mafuta akuda, ndipo mpaka lero wogula galimoto amalangizidwa kutsegula boneti kuti aone zilembo zimenezi asanalipire.

Kufuna liwiro sikunasoweretu mu Zambia, pakuti Satwant Singh anakhala katswiri wa mipikisano ya rali mu Africa kasanu ndi katatu pakati pa 1988 ndi 2000, ndipo Muna Singh anapambana mu 2004 ndi 2005, koma amenewo anali masewera a anthu a ndalama, akutali ndi bwalo la ku komboni. Masewera amene afika pafupi ndi achinyamata a m'makomboni ndi a sipini, ozungulitsa galimoto pamalo amodzi mpaka matayala kufuka utsi, amene anayambira m'makomboni a South Africa m'ma 1980 ndi BMW 325i yotchedwa gusheshe. Kudzera m'masewera amenewa V8 yapeza malo amene inalephera kupeza m'zaka za muscle car, koma si V8 ya mapushirodi ya ku Detroit, ndi 1UZ ya Toyota ya malita 4.0, imene inatuluka mu 1989 mu Lexus LS400, ya buloko ya aluminiyamu, makamushafuti anayi ndi mavavu 32. Imakondedwa chifukwa imabwera m'makontena omwe aja pa mtengo wofikirika ndipo mkati mwake ndi molimba moti siisowa kutsegulidwa, kotero kuti ntchito yaikulu ya makanika ndi kuwotcherera zogwirira injini, kuigwirizanitsa ndi giyabokosi ya galimoto ina, ndi kulumikiza mawaya ku kabokosi ka kompyuta kogulidwa padera, kawirikawiri kochokera ku South Africa. Ntchito ikatha, mwini galimoto amayenera kupita ku RTSA, bungwe loona za magalimoto pamsewu, kuti nambala ya injini yatsopano ilembedwe m'buku la umwini lotchedwa white book.