Anasiyidwa pa Chisumbu cha Mchenga zaka 15

Usiku wa pa 31 Julayi 1761 sitima ya Afalansa yotchedwa L'Utile inagunda matanthwe pafupi ndi kachisumbu kena m'nyanja ya India, makilomita pafupifupi 450 kum'mawa kwa Madagascar. Amalinyero ankakatchula kuti Chisumbu cha Mchenga, ndipo dzinalo silinaname. M'litali ndi mamita 1,700, m'lifupi 700, ndipo malo okwera kuposa onse ndi mamita 7 okha pamwamba pa madzi. Palibe mtsinje, palibe mtengo wa mthunzi, koma zitsamba zazifupi, mbalame za m'nyanja ndi akamba obwera kudzaikira mazira.

Pansi m'sitimamo munali anthu pafupifupi 160 a ku Madagascar, amuna, akazi ndi ana, amene kaputeni Jean de Lafargue anawagula padoko la Foulpointe. Anawagula mozemba. Nthawiyo France inali pankhondo ndi Britain, ndipo bwanamkubwa wa Île de France, chisumbu chimene lero ndi Mauritius, anali ataletsa kubweretsa akapolo poopa kuti Angerezi akatseka njira za panyanja chakudya chidzachepa. Lafargue anatumidwa kukagula mpunga ndi ng'ombe, iye n'kuwonjezapo katundu wakewake. Pofuna kuti asakumane ndi sitima zina anadzera njira yachilendo, usiku, ali ndi mapu awiri osagwirizana za malo a kachisumbuko. Zitseko za chipinda cha akapolo zinali zokhomedwa ndi misomali. Ambiri anamira momwemo. Amene anatuluka anatuluka chifukwa chakuti mafunde anang'amba sitimayo pakati.

Ndikulemba izi ndili ku Chongwe, kumene ambiri a ife nyanja ya mchere timangoimva, ndipo madzi amene timawadziwa ndi a mtsinje wathu womwe umaphwa chilimwe chikakula. Wina anganene kuti za Afalansa ndi Amalagasi zikutikhudza pati ife a kumtunda kuno. Zikutikhudza, ndipo ndifika pamenepo. Koma choyamba timve zimene anthuwa anachita pamchengapo.

Masiku oyamba anali a ludzu. Madzi ndi vinyo zimene zinapulumuka m'sitima azungu anazisunga okha, ndipo Amalagasi angapo amene anapulumuka mafunde anafa ndi ludzu ali pamtunda. Patapita masiku atatu, okumba anapeza madzi pakuya kwa mamita pafupifupi 5, amchere pang'ono koma omweka. Lafargue mutu unali utasokonekera, choncho utsogoleri unagwera wachiwiri wake, Barthélemy Castellan du Vernet. Munthuyu ntchito ankaidziwa. Anamanga misasa iwiri, wa azungu ndi wa akapolo, anamanga uvuni wophikira buledi, anamanga chipala chosulira zitsulo, n'kuyamba kukhoma bwato ndi matabwa a sitima yosweka ija. Amalagasi anagwira nawo ntchitoyo. Pa 27 Seputembala bwatolo, limene analitcha Providence, linalowa m'madzi. Munakwera azungu oposa 120, mothithikana. Amalagasi osachepera 60 anatsala pagombe ndi chakudya cha miyezi itatu komanso mawu a Castellan akuti abweranso kudzawatenga. Patatha masiku anayi azunguwo anali atafika ku Madagascar.

Amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, koma ili silinadulitse mutu wa aliyense. Castellan atafika ku Île de France anapempha sitima. Bwanamkubwa Desforges-Boucher anakana: kunali nkhondo, ndipo anali wokwiya kuti lamulo lake linaphwanyidwa. Ine chimene chimandivuta si kukana kwa chaka chimenecho. Nkhondo inatha mu 1763, koma sitima sinapite. Kampani ya Afalansa yamalonda a ku India, eni ake a L'Utile, inagwa, chisumbu cha Île de France chinapita m'manja mwa mfumu, abwanamkubwa anasinthana, sitima sinapitebe. Anthu ankadziwa. Nkhaniyo inasindikizidwa ndi kugulitsidwa m'misewu ku France. Kungoti amene anatsala pamchenga aja sanali m'buku la katundu wa aliyense, ndiye panalibe amene ankaona kuti wataya kanthu. Castellan yekha ndiye sanaleke kulemba makalata, mpaka mu 1772 analembera nduna yoona za panyanja. Tisamuyeretse kwambiri, pakuti nayenso anali m'sitima ya akapolo ndipo anakwera bwato n'kuwasiya. Komabe pa onse aja ndi iye yekha amene tulo tinkamuvuta.

Zimene otsalawo anachita m'zaka zimenezo sitikuzidziwa kuchokera m'makalata, chifukwa iwo sanalembe kanthu ndipo amene anawafunsa pambuyo pake analemba zochepa. Tikuzidziwa kuchokera pansi. Mu 2006, 2008, 2010 ndi 2013 akatswiri ofukula zakale, motsogozedwa ndi Max Guérout ndi Thomas Romon, anakumba pachisumbupo. Ankayembekeza kupeza zizindikiro za anthu ongodikira imfa. Anapeza mudzi.

Pamalo okwera aja, kumpoto kwa chisumbu, panali nyumba zoposa khumi zomangidwa ndi miyala ya korali ndi miyala yaphanthiphanthi ya m'gombe, zogundana, khoma la nyumba ina likugwiranso ntchito ku inzake. Makoma ena ndi ochindikala kuposa mita imodzi, pamene zipinda zake ndi zazing'ono zongokwanira kugonamo. Anamanga motero chifukwa cha anamondwe, amene amawomba dera limenelo chaka ndi chaka ndipo amatha kukankhira nyanja pamtunda. Apa pali chinthu chimene munthu wa kwathu kuno angachimve msanga kuposa mzungu. Kwawo kwa anthuwa ku Madagascar, nyumba ya munthu wamoyo inkamangidwa ndi mitengo, bango kapena dothi. Mwala unali wa manda, wa makolo amene anatsogola. Kugona m'nyumba ya miyala kunali kugona mogona akufa. Ndiye taganizani tsiku limene misasa ya nsalu za sitima inatha kung'ambika, akuluakulu amene analipo n'kukhala pansi kuti agwirizane zophwanya mwambo umenewu. Munthu mmodzi sangasenze miyala yomanga khoma la mita imodzi, ndipo munthu mmodzi sangamasule anzake ku choletsa cha makolo. Panali upo, panali wolamula, panali ogawa ntchito. N'chifukwa chake ndikuti unali mudzi.

M'nyumba ina, imene inali khitchini, ofukulawo anapeza ziwiya zitasanjidwa bwinobwino mozungulira pophikira, monga anazisiyira eni ake tsiku lochoka. Panali mbale zamkuwa zochokera m'sitima, ndipo mbale zimenezi ndi zimene ine zimandigwira mtima kuposa makoma. Mbale ikabooka ankadula kachidutswa ka mkuwa wina, kukaboola, kupinda tizidutswa tina ting'onoting'ono kuti tikhale misomali, n'kukhomerera chigambacho mpaka madzi osadontha. Mbale ina ili ndi zigamba zambirimbiri, china pamwamba pa chinzake. Aliyense amene anaimapo pamsika wa Chongwe n'kuona mmisiri wa ndowa akuika tako latsopano pa poto wakale wa agogo adziwa dzanja limene linagwira ntchito imeneyi. Anasulanso masipuni, anapanga mbedza, anasungunula mtovu n'kuumba mabeseni osungira madzi. Ndipo anapanga zibangili ndi mphete. Munthu amene wataya mtima sasula chibangili.

Chakudya chawo chachikulu chinali mbalame za m'nyanja ndi mazira ake, kenako akamba ndi nsomba. Mafupa a mbalame amene anafukulidwa ndi masauzande ambiri, ndipo nthenga zake sizinkatayidwa: ankaziluka kukhala zovala. Moto, amayi amene anapulumuka ananena kuti sunazime zaka zonsezo, pachisumbu chopanda nkhuni, akusonkhezera matabwa a sitima pang'onopang'ono. Ofukula anapezanso miyala ndi zitsulo zopekera moto. Kaya unazimapo kaya ayi, n'kutheka kuti wina ankadzuka usiku kukauyang'ana.

Si onse anavomera kudikira. Patapita zaka ziwiri, anthu 18 anamanga matabwa pamodzi n'kulowa panyanja, ndipo sanamvekenso. Ena ambiri anafa m'zaka zoyambirira, gulu n'kutsika kufika pa anthu khumi ndi angapo, amene anakhala choncho nthawi yaitali. Mu 1775 sitima yotchedwa La Sauterelle inafika pafupi, koma kabwato kamene inatumiza kanasweka pamatanthwe, mmalinyero mmodzi n'kutsala pachisumbupo, sitima n'kubwerera. Maulendo ena awiri analephera kufika pagombe. Mmalinyero uja, ataona kuti naye wasanduka wa pomwepo, anamanga chombo china cha matabwa chokhala ndi thanga lolukidwa ndi nthenga, n'kunyamuka ndi amuna atatu otsiriza ndi akazi atatu. Nawonso nyanja inawameza. Anachoka patangotsala miyezi yochepa kuti chipulumutso chifike.

Pa 29 Novembala 1776 sitima ya La Dauphine, yoyendetsedwa ndi Jacques Marie Boudin de Tromelin, inakwanitsa kutumiza mabwato pagombe. Anapeza amayi 7 ndi khanda lalimuna la miyezi 8. Pakati pa amayiwo panali mayi wa khandalo ndiponso agogo ake. Werengani zaka: mayiyo anafika pachisumbupo ali mwana kapena mtsikana wongosinkhuka, atagulidwa limodzi ndi amake, ndipo anakulira pamchenga, kutenga pakati pamchenga, kuchira pamchenga, mwina amake omwe ali azamba. Atawatengera ku Port Louis, pa Île de France, akuluakulu a boma anagamula kuti amayiwo ndi mfulu. Atafunsidwa ngati akufuna kubwerera ku Madagascar anakana, poopa kukagwidwanso ukapolo. Mwanayo anabatizidwa dzina lakuti Jacques Moïse, amake Ève, agogo ake Dauphine, dzina la sitima. Chisumbucho lero chimatchedwa Tromelin. Mu 1781 katswiri wina wa ku France, Condorcet, anatchula nkhaniyi m'buku lake lotsutsa ukapolo, monga chitsanzo cha mmene azungu ankaonera moyo wa munthu wakuda.

Tsopano za ife. M'chaka chomwecho cha 1776, pamene ku Port Louis ankaombera m'manja kuti apulumutsa amayi 7, Mfalansa wina wamalonda, Jean-Vincent Morice, anapangana ndi sultani wa ku Kilwa kuti azimugulitsa akapolo 1,000 chaka chilichonse kwa zaka 100. Minda ya ku Île de France ndi Bourbon, imene lero ndi Réunion, inkafuna manja ambiri kuposa amene Madagascar inkapereka, choncho Afalansa anatembenukira ku gombe la Africa: Kilwa, Ibo, chisumbu cha Mozambique, kenako Quelimane. Pangano la Morice silinakhalitse, koma njira inatseguka. Ndipo njira za ku Kilwa ndi ku Mozambique zinkachokera kuti? Zinkachokera ku nyanja ya Malawi, m'manja mwa amalonda a Chiyao, ndi ku chigwa cha Zambezi. M'mabuku a akapolo a ku Mauritius muli Amakua, Ayao ndi Amaravi. Amaraviwo ndi anthu olankhula chinenero chimene mukuwerengachi.

Kuno kwathu moto umenewu unafika mochedwerapo koma unafika. M'zaka za m'ma 1800, Achikunda a ku Zumbo ndi Feira, pamene lero pali boma la Luangwa, ankakwera mitunda ndi mfuti kusaka minyanga ndi anthu. Mayina a atsogoleri awo, Kanyemba ndi Matakenya, akadali m'kamwa mwa okalamba a m'chigwa, ndipo Ansenga ndi Asoli, eni nthaka ino ya mfumu Nkomeshya, anawalawa. Si onse ogwidwa amene anaoloka nyanja, ambiri anathera m'midzi ya Achikunda momwemo. Koma amene anafika kugombe anakwezedwa m'zipinda zokhomedwa ndi misomali zonga za L'Utile, kupita ku Brazil, ku Réunion, ku Madagascar komwe. Sitima zina zinasweka. Mu Disembala 1794 São José, itanyamula anthu oposa 400 kuchokera ku Mozambique, inasweka pafupi ndi Cape Town. Pafupifupi theka anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa komweko.

M'sukulu zathu nkhani ya ukapolo timaiphunzitsa ngati ulendo wothera pagombe. Timatchula magoli, timatchula Jumbe wa ku Nkhotakota, timatchula Livingstone, kenako anthu aja akangokwera chombo timatseka buku, ngati kuti kuyambira pamenepo anasanduka nambala. Tromelin ndi amodzi mwa malo ochepa kwambiri padziko pamene tingaone ndi maso zimene anthu otengedwawo anachita atatsala okha, popanda mbuye wowalamula kapena mzungu wowalembera mbiri. Mabwinja ake ena anawonongeka pamene Afalansa anamanga siteshoni yoona zanyengo pamalo omwewo mu 1954, ndipo mafupa a anthu awiri anapezeka m'dothi limene omangawo anafukula. Lero France ndi Mauritius akukanganirana chisumbuchi, makamaka chifukwa cha nsomba za m'nyanja yochizungulira, ndipo pangano loti azichiyang'anira limodzi, limene anasainirana mu 2010, nyumba ya malamulo ya ku France sinalivomerezebe.

Inu aphunzitsi a mbiri yakale, makamaka amene mukusulidwa pa sukulu ya Chalimbana pano, zithunzi za mbale zamkuwa zija ndi makoma aja zilipo pa intaneti. Mukafika pamutu wa malonda a akapolo, zionetseni kwa ana, muwauze kuti anazipanga ndani, ndipo muwasonyeze pamapu njira yochokera ku Feira kukafika ku Quelimane ndi kupitirira.