Amphaka a Edison ndi malaya a Bambo Darcy

Pali dandaulo limene silisowa m'chipinda cha aphunzitsi masiku ano: akuti ana anasiya kuwerenga chifukwa maso ali pa foni, kuseka mphaka amene wagwera mu ndowa. Dandaulolo ndi loona ndithu. Chimene ndikukana ndi chakuti matendawa anabwera ndi foni, chifukwa mbiri sikutero.

Mu Julayi 1894, ku West Orange m'chigawo cha New Jersey, anyamata a Thomas Edison anajambula kafilimu ka masekondi pafupifupi 20. Ojambulawo anali William Dickson ndi William Heise. Mukafilimumo muli amphaka awiri ovala magolovesi akumenyana nkhonya m'kabwalo kakang'ono, mwini wake, amene ankadzitcha Professor Welton, atawagwira kumbuyo uku akumwetulira. Taganizani, abale a Lumière anali asanaonetse n'komwe filimu yawo yoyamba yolipiritsa ku Paris, imene inadza mu Disembala 1895. Makina anali asanakhwime, koma munthu anali ataganiza kale zoikapo mphaka. (Ndikakaonera kafilimuko ndimaona kuti amphakawo sankasangalala ayi. Wosangalala anali Welton yekha.)

Ngakhale Edisonyo anapezanso ena atayamba kale. M'zaka za m'ma 1870, wojambula zithunzi wina wa ku Brighton, Harry Pointer, ankajambula amphaka ake ali pa kanjinga kapena ngati akudya pa tebulo, n'kulemba mawu oseketsa pansi pake, n'kumagulitsa timakadi. Ndi zomwezija mumanditumizira pa WhatsApp usiku, kusiyana kwake n'kwakuti iye ankalandira ndalama. YouTube itayamba mu 2005, mmodzi wa eni ake, Steve Chen, anaikapo mphaka wake m'chaka chomwecho. Mphaka woimba piyano uja, Keyboard Cat, anajambulidwa ndi Charlie Schmidt mu 1984, anafa mu 1987, ndipo anadzatchuka kanemayo ataikidwa pa intaneti mu 2007, atagona m'manda zaka 20. Grumpy Cat, wa nkhope yokwinya uja, anatchuka mu 2012 n'kufa mu 2019. Kwathu kuno mphaka ntchito yake ndi makoswe, ndipo wakuda akadutsa usiku agogo amayamba kufunsa kuti watumidwa ndi ndani. Kwa anzathuwo mphaka amakhala ndi loya.

Koma tamverani apa. Mtundu wa makanemawa ndi umene sukufa, pomwe kanema aliyense payekha amafa msanga. Mphaka amene munaseka mwezi watha, mukumukumbukira? Nthabwala yake ndi imodzi, kudzidzimutsa, ndipo munthu sadzidzimuka kawiri ndi chinthu chomwecho.

Tsono yerekezani ndi sewero la BBC la Pride and Prejudice. Jane Austen anatulutsa bukuli mu Januwale 1813, dzina lake osalembedwapo. Mafilimu ake alipo angapo: ya 1940 ya Laurence Olivier ndi Greer Garson, ya 2005 ya Keira Knightley, ngakhale ya Gurinder Chadha ya 2004 imene inasamutsira nkhaniyi ku Amritsar. Koma anthu amabwererabe ku sewero la zigawo zisanu ndi chimodzi limene linaonetsedwa kuyambira pa 24 Seputembala mpaka pa 29 Okutobala 1995. Analilemba Andrew Davies, Jennifer Ehle anali Elizabeth Bennet, Colin Firth anali Darcy, ndipo oonera ku Britain ankafika mamiliyoni khumi. Lapitirira zaka 30 likuonedwabe, ndipo ambiri oliona lero anali asanabadwe pamene linkajambulidwa.

Ambiri amati chinsinsi chake ndi chikondi. Ine ndimati ndi chuma chamasiye. Bambo Bennet ali ndi ana aakazi asanu, wamwamuna alibe. Malo awo, Longbourn, amawapatsa mapaundi 2,000 pachaka, koma anamangidwa ndi pangano lakuti azipita kwa mwamuna wa kuchimuna basi. Tsiku limene bamboyo adzatseke maso, nyumba ndi minda zidzakhala za m'bale wawo, m'busa Collins, ndipo mayi ndi anawo akhoza kuuzidwa kuti alongedze. Ana a sukulu amawaseka Mayi Bennet kuti ndi olongolola, ofuna kukwatitsa ana ngati akugulitsa tomato. Ine ndimawafunsa kuti: mwa inu, ndani sanaonepo achibale akunyamula mipando ndi malata maliro asanathe? M'kalasi mumakhala zii. Kwathu kuno tinafika pokhazikitsa lamulo latsopano la chuma chamasiye mu 2011 chifukwa cha khalidwe lomweli, kusiyana kwake n'kwakuti ku England kwa Austen kulandako kunali kololedwa ndi lamulo. Mayi Bennet si opusa. Ndi okhawo m'nyumbamo amene akuwerengera za mawa, pomwe bambo abisala m'chipinda cha mabuku akuseka aliyense.

Davies anazimvetsa zimenezi, ndipo popeza anali ndi maola oposa asanu, sanafunike kudula. Filimu ya maola awiri imathamangira ku ukwati. Seweroli lili ndi nthawi yokuonetsani Charlotte Lucas, wa zaka 27, akuvomera Collins amene Elizabeth wangomukana kumene, osati poti akumukonda koma poti akufuna denga. Ukaliona uli ndi zaka 16 umamunyoza Charlotte. Ukaliona uli ndi zaka 40, uli ndi ana ndi ngongole, umamuonera kwina. Seweroli ndi lomwelo, wasintha ndi iwe, ndipo n'chifukwa chake munthu amalibwereza.

Chenjezo kwa aphunzitsi anzanga amene mumaonetsa ana filimu m'malo mwa buku: malo otchuka kwambiri m'seweroli m'buku mulibe. Darcy afika kwawo ku Pemberley, adumphira m'dziwe, n'kukumana ndi Elizabeth malaya ali chonyowa. Anajambulira ku Lyme Park, m'dera la Cheshire, ndipo ndi nzeru za Davies, osati za Austen. M'buku amangokumana pabwalo mwadzidzidzi, onse awiri n'kuchita manyazi, Darcy ali wouma bwinobwino. Mwana akalemba za dziwe pa mayeso, mwadziwa kale kuti bukulo sanalitsegule. Zomwezi zimachitika ndi Things Fall Apart: kwa amene anaona sewero la wailesi ya kanema ya ku Nigeria la 1987, Okonkwo ali ndi nkhope ya Pete Edochie, ndipo n'kovuta kuichotsa m'mutu pamene ukuwerenga Achebe. Filimu imakokera anthu ku buku, inde, koma imafika ndi katundu wake.

Dziwe lija linabereka zambiri. Helen Fielding analemba Bridget Jones's Diary, imene inatuluka mu 1996, mnyamata wake n'kumutcha Mark Darcy, ndipo pojambula filimu yake ya 2001 anaitananso Colin Firth yemweyo. Mu 2013 anaimika chiboliboli cha Darcy wonyowa, chachitali mamita oposa atatu, m'madzi a Serpentine ku Hyde Park mu London. Mu Marichi 2024 amodzi mwa malaya amene Firth anavala anagulitsidwa pa okushoni ku London, wogula n'kulipira mapaundi 25,000 zonse pamodzi. Jane Austen anagulitsa buku lonselo kwa wosindikiza Thomas Egerton pa mtengo wa mapaundi 110, ndipo anamwalira mu 1817 ali ndi zaka 41.