Kumata

Kumata ndi kupaka dothi lofewa pakhoma ndi manja, kutseka ming'alu kuti mvula isalowe. Tisasokoneze ndi kuzira, komwe ndi kwa pansi, kosalaza ndi mwala. Envulopu nayonso timamata, ndipo wokunamiza timati wakumata phula m'maso.

Ku Djenné, m'dziko la Mali, kumata ndi ntchito ya mzinda wonse. Mzikiti wawo waukulu, womangidwa ndi zidina mu 1907, amaumatanso chaka ndi chaka mvula isanagwe. Matope amawaponda, kusakaniza ndi mankhusu a mpunga, n'kuwasiya avunde kwa masiku. Pa tsiku lomata, anyamata amakwera poponda mitengo ya mgwalangwa yotuluka m'khomamo, ena akuwapatsira matope m'madengu. Simenti pamenepo ndi mdani: imatsekera chinyezi mkati, zidina n'kumafumbutuka.