Mapiri a Mchenga a ku Boksburg

Mapiri a mchenga a ku Boksburg si achilengedwe. Anawaunjika ndi anthu okumba golide, ambiri a iwo mu mgodi wa ERPM umene unayamba mu 1893, ndipo pakati pawo panali Amalawi obwera kudzera ku Wenela. Anthuwo sankayenda momasuka popanda chitupa, mpaka malamulo a zitupa atathetsedwa mu 1986.

Masiku ano, Loweruka likafika, ndimaona anyamata a njinga zamoto ndi magalimoto a 4x4 akuthamangitsana pamapiriwa, fumbi n'kumagwera amayi odutsa njira zachidule popita kukakwera tekisi. Boma la South Africa linaletsa magalimoto otere m'magombe a nyanja mu 2001, koma kuno kulibe gombe. Woyenda pansi akupatukabe, monga ankapatukira agogo ake.