Chithunzi cha Magoli a kwa Mbame

Adzukulu anga, chithunzi chija mumachiona m'mabuku a mbiri, cha anthu oyenda pamzere, amuna makosi ali m'magoli, amayi ndi ana atamangidwa zingwe, chili ndi kwawo. Ambiri amachiyesa cha kutali, osadziwa kuti zimene chikusonyezazo zinachitika kuno kwathu, m'mudzi mwa Mbame, pa njira yokwera kuchokera ku Chikwawa, pa 16 Julayi 1861. Ndipo ulendo wa anthu ali pamzerewo unadzathera pafupi nafe. Mukachoka pano pa Mbulumbuzi kutsata msewu wa ku Zomba mufika pa Namadzi, ndipo mtsinje umenewo potsika umakhota kuzungulira malo otchedwa Magomero. Ndi kumeneko.

Tsikulo David Livingstone anali kwa Mbame pamodzi ndi mng'ono wake Charles, dokotala John Kirk, Amakololo amene anabwera nawo kuchokera ku Zambezi, ndi bishopu wa Angilikani, Charles Mackenzie, yemwe ankafuna malo omangapo mishoni. Sitima yawo, Pioneer, anali ataisiya kwa Chibisa pa Shire. Akupumula, Mbame anawatsina khutu kuti kukubwera gulu la akapolo lopita ku Tete. Posakhalitsa anamva malipenga. Oyendetsa gululo ankalowa m'mudzi monyada, mfuti paphewa, koma atangoona azungu anati phazi thandize, ulendo wa kutchire. Mtsogoleri wawo Amakololo anamugwira, ndipo Livingstone anamuzindikira, poti anali kapolo wa mkulu wina wa Apwitikizi ku Tete. Nayenso pambuyo pake anapulumuka. Otsala pabwalo anali anthu 84, ambiri amayi ndi ana.

Zingwe anadula ndi mipeni, koma magoli anavuta. Goli ndi mtengo wamphanda, khosi la munthu limalowa pamphandapo, kenaka amatseka ndi chitsulo. Anachita kukafukula sowo m'katundu wa bishopu. Mwini sowoyo panalibe, anali atatsikira kumtsinje kukasamba, ndipo pobwera anapeza zonse zitatha. Ufa umene anthuwo anasenzetsedwa anauzidwa kuti aphike adye okha, nkhuni zake magoli omwewo.

Chithunzicho chinatuluka patapita zaka zinayi, mu 1865, m'buku la Livingstone ndi mng'ono wake lonena za ulendo wa pa Zambezi, limene anasindikiza a John Murray ku London. Wojambula wa ulendowo, Thomas Baines, anali atachotsedwa ntchito kale mu 1859, choncho kwa Mbame kunalibe. Amisiri a ku Mangalande ndiwo anachisema pa thabwa n'kuchidinda papepala, iwo kwa Mbame asanapondeko phazi. Sindikuti ndi chabodza, ayi. Magoli aja analidi otero. Koma chithunzi chimaima pamene wochilipira wafuna kuti chiime, ndipo ichi ntchito yake inali yoti Mngelezi akachiona mtima umupweteke, atsegule thumba. Mayina a anthuwo mulibe, kumene anachokera mulibe, zimene zinawaonekera mawa lake mulibenso.

Tsono ndikuuzeni za wodula maunyolo wina, wa m'nthano ya kutali, kuti muone mmene zithunzi zimasankhira zokamba.

Ku Spain kunali mlembi dzina lake Miguel de Cervantes, amene anatulutsa buku lanthabwala mu 1605, gawo lachiwiri mu 1615. Mwini nkhani ndi mkulu wina wowonda wa ku La Mancha, yemwe anawerenga mabuku a ngwazi zakale zokwera pa akavalo mpaka mutu unasokonekera. Anatsuka zida zadzimbiri za makolo ake, nadzitcha Don Quixote, nakwera kavalo wake wa nthiti zowerengeka, Rocinante, kuti akawongole zokhota zonse za m'dziko. Mlimi wina wa m'mudzi mwawo, Sancho Panza, ankamutsata pa bulu, atalonjezedwa chilumba choti akalamulire. Zigayo zoyendera mphepo mkuluyu anaziyesa ziphona, nkhosa anaziyesa asilikali, beseni la wometa ndevu analivala kumutu nati ndi chisoti cha ngwazi.

M'mutu 22 wa gawo loyamba awiriwa anakumana ndi amuna 12 atalumikizidwa makosi pa unyolo umodzi, alonda akuwatengera kunyanja kukapalasa ngalawa za mfumu. Don Quixote, ngakhale anali wamisala, anayamba ndi kuwafunsa mmodzimmodzi chimene anamangidwira. Atamva, anagamula kuti si bwino munthu kutengedwa kumene sakufuna, nagwetsa mlonda, akaidiwo namasuka. Apo ndi pamene anaonongera. Anawalamula kuti asenze unyolowo apite nawo ku El Toboso, akaupereke kwa Dulcinea, mkazi amene iye ankangomulota, ndi kukasimba za kulimba mtima kwake. Kaidi wochenjera kuposa onse, Ginés de Pasamonte, anayankha kuti akayenda pamodzi pamsewu agwidwanso. Mkulu uja anapsa mtima, akaidi anatola miyala, ndipo mpulumutsi anatsala chigonere pansi, beseni lake litaphwanyika, Sancho atalandidwa chofunda.

Bukuli ndi la Aspanya, koma amene analipatsa nkhope kwa zaka zambiri ndi Afalansa. Mnyamata wina wa ku Paris, Charles Coypel, wobadwa mu 1694, anayamba kujambula nkhani zake ali ndi zaka pafupifupi 20, najambula zithunzi 28, chomaliza mu 1751, kutatsala chaka chimodzi kuti amwalire. Zithunzizo zinali zoti amisiri a ku Gobelins, nyumba yolukira nsalu ya mfumu, azitsanzira poluka nsalu zikuluzikulu zopachika pakhoma, za ubweya wa nkhosa ndi silika. Makolo athu a Chimang'anja nawonso ankaomba nsalu za thonje, Livingstone mwini anaziona m'midzi. Koma izi za ku Gobelins zinali zoti munthu aziyang'ana, osati kufunda. Woluka ankagwira ntchito kuseri kwa nsalu, ulusi umodziumodzi, miyezi ndi miyezi. Anaziluka mobwerezabwereza mpaka 1794, zonse pamodzi pafupifupi 200, ndipo mafumu ankazipereka ngati mphatso kwa alendo olemekezeka. Mu 1786 Louis XVI anapatsa zinayi mchemwali wa mkazi wake, Marie-Christine, ndi mwamuna wake. Lero zili ku Getty Museum ku Los Angeles.

Onani tsono zimene Coypel ankakonda kusankha. Zambiri ndi za m'nyumba za anthu olemera: Don Quixote ndi Sancho atamangidwa maso pa kavalo wamatabwa, akuyesa akuuluka, a kunyumba yachifumu akuseka, Sancho atakhala pachakudya monga bwanamkubwa, dokotala akumuchotsera mbale iliyonse asanalawe, Don Quixote akuvinitsidwa ndi amayi ku Barcelona. Coypel ankalembanso masewero, ndipo anthu ake amaima ngati ali pabwalo la zisudzo. Nkhani yeniyeniyo imakhala yaing'ono pakati pa nsalu, kuzungulira konse maluwa, anyani, nkhosa ndi nkhanga yotambasula mchira. Fumbi, njala ndi mano oguluka, zimene zadzaza m'buku, wolemera sakanazifuna pakhoma pamene akudya. Zithunzi 25 mwa zimenezi anazisemanso pa mkuwa n'kuzidinda, ndipo kwa zaka zochuluka osindikiza a m'maiko ena ankangozikopera m'mabuku awo, kotero kuti anthu ambiri anayamba kuona Don Quixote wa Coypel asanawerenge wa Cervantes. Panalinso Charles-Joseph Natoire, amene anajambulira oluka a ku Beauvais pa oda ya mkulu wina wokhometsa misonkho.

Wodzasintha zinthu anali Gustave Doré. Iye anakayenda ku Spain komweko, ndipo mu 1863 linatuluka buku lokhala ndi zithunzi zake zoposa 300, zosemedwa pa matabwa ndi Héliodore Pisan. Kwa Doré, Don Quixote ndi nkhalamba yayitali, yowonda, yoyenda m'dziko louma, yomvetsa chisoni koposa kuseketsa, ndipo akaidi a pa unyolo aja alimo. Buku lake ndi lomwelo, mawu ake omwewo, koma wina anaonamo choseketsa alendo, wina anaonamo munthu wa mtima wabwino amene dziko silinamumve ndipo iye sanalimve.

Chaka chimenecho cha 1863, pamene ku Paris ankagula buku la Doré, pa Shire pankayandama mitembo ya anthu akufa ndi njala. Tibwerere kwathu.

Musandimve molakwa. Anthu a kwa Mbame sanali akuba ngati aja a m'nthano, sanalakwire munthu, ndipo sanagende amene anawamasula. Kudula magoli kunali kolungama, ndipo ndikanakhalapo ndikanagwirako sowoyo. Bishopu Mackenzie nayenso sanali wamisala. Anali katswiri wa masamu wa ku Cambridge, munthu wofatsa, wosanyada, amene ankanyamula mwana wotopa paphewa. Chimene amafanana ndi mkulu wa ku La Mancha ndi chakuti dziko analiphunzira m'mabuku ndi m'zolankhula za Livingstone, ndipo atafika anaona zimene anawerengazo. Anauzidwa kuti kuli Amang'anja ofatsa ndi Ayao olusa, basi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mfumu Chigunda analandira bishopu ndi omasulidwa aja pa Magomero, pozindikira kuti mlendo wamfuti ndi linga. Pa 23 Julayi, patangotha sabata imodzi chidulireni magoli, gulu la Livingstone ndi bishopu linawomberana ndi Ayao. Livingstone anabwerera kusitima yake, namusiya bishopu ndi anzake, Procter, Scudamore, Horace Waller ndi Henry Rowley amene anadzafika pambuyo. Mafumu a Chimang'anja anayamba kubwera kudzapempha thandizo, ndipo mu Ogasiti ndi mu Okutobala bishopu anatsogolera nkhondo, midzi ya Ayao ndi nkhokwe zawo zikupsa. Pang'onopang'ono anayamba kumva chinenero, ndipo apo ndi pamene anadziwa kuti ambiri mwa anthu amene ankawasunga pa Magomero anali Ayao omwewo, kuti Ayaowo anabwera kuno akuthawa nkhondo ndi njala kwawo kum'mawa, ndiponso kuti Amang'anja ena nawo ankagulitsa anthu kusinthanitsa ndi nsalu. Ine ndimati akanayamba ndi kufunsa mmodzimmodzi, monga anachitira wamisala uja, nkhokwe zina sizikanapsa.

Magomero anawasankha chifukwa mtsinje unawazungulira mbali zitatu, malo abwino pankhondo. Koma anali malo otsika, anthu anachulukana, madzi akumwa anadetsedwa, ndipo dzinja litafika kamwazi anayamba kutenga ana ndi amayi, chakudya chili chochepa. Bishopu ananyamuka kukachingamira mlongo wake Anne ndi mkazi wa mnzake Henry Burrup pamene Ruo amathira mu Shire. Bwato linagubuduzika usiku, mankhwala a malungo anapita ndi madzi, ndipo pa 31 Januwale 1862 Mackenzie anamwalira pa chilumba cha Malo, asanakwanitse miyezi isanu ndi iwiri chifikireni kumtunda kuno. Burrup anamuika m'manda, iyenso ananyamulidwa kubwerera ku Magomero, namwalira mu Febuluwale. Pofika Epulo otsalawo anasamukira kwa Chibisa, kumene chilala chinawapeza. Scudamore ndi dokotala Dickinson anafera komweko mu 1863. Bishopu watsopano, William Tozer, anasamutsira mishoni ku phiri la Morumbala, kenaka ku Zanzibar mu 1864.

Nanga omasulidwa aja? Ambiri anatha ndi matenda ndi njala. Ena anatsala kwa Chibisa pansi pa Amakololo, amene anasanduka mafumu a ku Shire. Waller anakana kusiya amasiye, natenga ena kupita nawo ku Cape Town. Mmodzi mwa iwo, kamtsikana kotchedwa Daoma, komwe bishopu anakanyamula paphewa kaja, anakula nakhala mphunzitsi wa ana amasiye kumeneko. Anyamata awiri, Chuma ndi Wekotani, Livingstone anapita nawo ku Bombay. Chuma ameneyu, Myao womasulidwa m'masiku omwewo a Julayi 1861, ndiye amene pamodzi ndi mnzake Susi anatsogolera onyamula mtembo wa Livingstone mu 1873, kuchokera kwa Chitambo mpaka kunyanja ya mchere.

Dzina la Livingstone linadzabwereranso pa Magomero mwa njira ina. Mwana wake wamkazi, Agnes, anakwatiwa ndi Alexander Low Bruce wa ku Edinburgh, ndipo banja limenelo linatenga dziko lalikulu la kuno n'kulisandutsa esiteti. Alomwe amene ankabwera kuchokera ku Mozambique anakhazikika pamenepo, malipiro a malo n'kukhala thangata, kulima thonje ndi fodya wa mzungu pamene minda yawo ikulowa tchire. Woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, ankaotcha nyumba zopemphereramo za anthu a John Chilembwe a ku Mbombwe. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, patadutsa zaka 53 chidulireni magoli kwa Mbame, anthu a Chilembwe anamupha m'nyumba mwake pa Magomero pomwepo.