Pamene Mapiri Anaonekanso

Anzanga acinyamata, kodi mukumbukira caka ca 2020? Kuyambira pa 25 March, boma la India linalamula anthu kukhala m'nyumba cifukwa ca mlili wa Covid-19. Magalimoto anaima, mafakitale ambiri anatsekedwa, ndipo utsi unacepa mumlengalenga. M'mwezi wa April, anthu a mumzinda wa Jalandhar anaona mapiri a Himalaya pamtunda wa makilomita pafupifupi 200, mapiri amene utsi unawabisa kwa zaka zambiri.

Caka comweco, mpweya wa carbon dioxide umene anthu amatulutsa padziko lonse unatsika ndi maperesenti pafupifupi 5. Koma nchito zitayambanso mu 2021, unakweranso. Tsono taonani: mpweya woipa timacita kuupanga tokha, ndipo kuucepetsa kuli m'manja mwathu.